Kiyi wa Chipinda cha Mtedza

Bangwe, Blantyre
Lamulungu masana

Okondedwa achemwali a Marita,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu ndi ana? Nanga bondo la amayi likuwalolabe kukwera chitunda cha ku tchalitchi? Ine ndilipo, kutopa kokha. Ndasankha pepala chifukwa pa foni mumandidula ndisanafike pa mfundo, n'kunamizira netiweki.

Munafunsa ngati n'zoona zimene akunena kumudzi, zoti Yeremiya amaswera m'mashabini. N'zoona, achemwali. Zaka zinayi za ku koleji zinandifikitsa pa benchi la kachasu, Fanta m'manja, kufunsa anthu oledzera mafunso makumi asanu ndi atatu. Ena amagona tili pa funso lachisanu ndi chinayi. Kafukufuku wathu akufuna kudziwa chifukwa chake thandizo la anthu ogwidwa ndi mowa limathera m'mabuku, osafika ku zipatala zing'onozing'ono. Yankho aliyense akulidziwa: namwino ndi mmodzi, mzere wafika kumsewu, angayambe bwanji kufunsa munthu za mowa? Koma tiyenera kulilemba m'Chingerezi, kukalinena ku hotela, kenako kulilembanso.

Amatiphunzitsanso kuti munthu amene sangathe kusiya lero sitimutaya. Timamuchepetsera ngozi: adye asanamwe, asakwere njinga atamwa, atsike pang'onopang'ono achipatala akumuyang'anira. Poyamba ndinkati kumeneku n'kunyengerera tchimo. Ndine mwana wa amayi, paja.

Pa anthu amene ndinkawafunsa panali a Benjamini, telala wa pakhonde la sitolo kuno ku Bangwe. Ankamwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. M'mawa manja awo ankanjenjemera, ndipo ankati ulusi sulowa m'singano asanamwe kakapu. Ankanditchula Abusa a Fanta. Mwezi watha akazi awo, atatopa, anawatsekera m'nyumba kuti mowa uwachoke. Tsiku lachitatu anayamba kuona nyerere pakhoma pomwe panalibe nyerere, kenako anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Kuchipatala anafika nawo mochedwa. Pa fomu yathu palibe malo olembapo zonsezi. Ndinangochonga kabokosi kakuti sanapezeke pa ulendo wachiwiri.

Dokotala wa gulu lathu, mayi Blessed, anatifotokozera kuti thupi limene lazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku, ukalilanda mwadzidzidzi, limatha kumupha mwiniwake. Anati munthu wotere amafunika mankhwala ndi diso la achipatala masiku oyambawo. Anzanga ankalemba. Ine cholembera chinaima, chifukwa ndinali nditabwerera kwathu, ku Lenti wa chaka chatha.

Mukukumbukira amene anakhuthula chigubu cha kachasu cha achimwene a Enoki kuseri kwa chigafa pa Lachitatu la Phulusa? Ndine. Ndinachita monyada, ngati mwana wophunzira wa pabanja. Tsiku lachitatu achimwene anagwa tikusoka fodya, thovu kukamwa, maso atatembenuka. A mphakati, akhristu opemphera nawo a m'mudzi aja, anati ziwanda zikutuluka, nakweza nyimbo. Inenso ndinaimba nawo, besi yanga yonse. Anadzuka okha, ife n'kuthokoza Mulungu, ndipo tinachita bwino kuthokoza, popeza ndi Iye yekha amene ankadziwa zimene zinkachitika pamenepo. Sabata isanathe anayambiranso kumwa, tonse n'kuwanena kuti alibe mtima.

Tsopano Faith wanu wandiuza kuti chaka chino amayi agwirizana ndi a mphakati kuti akangobwera ku Misa ya phulusa, achimwene atsekeredwe m'chipinda cha mtedza, anthu azisinthana kupemphera pakhomo mpaka mowa utawachoka. Akuti loko wagulidwa kale, ndipo kiyi waperekedwa kwa inu chifukwa ndinu wosamva misozi. Musamukalipire mwanayo, ndinachita kumupanikiza ndi mafunso, ndi ntchito yanga.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Musawatsekere.

Lachitatu la Phulusa lisanafike, kwerani kabaza ndi achimwene mupite ku chipatala cha ku Madisi, msewu ukhale woterera chotani. Mukafika musakanene zija timanena kwa alendo, zoti amangolawako pa ukwati. Mukanene kuti amamwa kachasu tsiku lililonse, kuti m'mawa amanjenjemera, ndi kuti chaka chatha atasiya anagwa. Mawu a kugwawo musawaiwale, ndiwo ofunika kuposa onse. Mukapemphe kuti awathandize kusiya achipatala akuwaona. Mpaka tsiku limenelo chigubu chawo musachikhudze, muzingoonetsetsa kuti adya asanachitsegule.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Inu, mlembi wa Amayi Achikatolika, kusiya chigubu cha kachasu chili chiimire pakhomo Lenti ali pafupi, anthu adzalankhula mpaka nthawi yokumba mtedza. Alekeni alankhule za ine. Muwauze kuti ndi nzeru za mlongo wanu wa m'mashabini uja, sadzadabwa. Amayi muwawerengere kalatayi atakhala pansi, ndime ya chigubu muibwereze kawiri kuti adziwe kuti sindikuwaloza chala iwo okha. Akaumirira, akumbutseni mawu awo omwe ankatiuza tikamathamangira kumaliza mzere kumunda, akuti kuthamanga sikufika. Mapemphero asaleke ayi. A mphakati akhoza kukapempherera pa benchi la chipatala, Mulungu amamva ndi kumeneko.

Sindikulonjeza kuti achimwene asiya chaka chino. M'mafomu anga ambiri amagwa kangapo asanaime, ena saima n'komwe. Amayi akufuna kuona mwana wawo wosamwa pa Pasaka, inenso ndikufuna zomwezo. Koma pakati pa Enoki wonunkha kachasu kumbuyo kwa tchalitchi ndi Enoki wosapezeka pa ulendo wachiwiri, ine ndasankha kale.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a ku Ntchisi akatsika, ndi kwa ana onse. Kwa achimwene munene kuti mng'ono wawo ali nawo mawu opepesa, ndidzabwera nawo ndekha fodya akamapita ku okushoni. Andidikire.

Lokoyo musamutaye. Makoswe a m'chipinda cha mtedza akhala akumufuna kalekale.

Ndine mlongo wanu wotopa koma wosaledzera,
Yeremiya