Mita Yaulula Mbaula Yanga

Lachinayi, pakati pa Ramadani. Kunatentha, koma mtima wanga ndiye unanyanya.

Alamu anga a Yusufu, amene amagwira ntchito kukampani ya magetsi a sola kuno ku Lungwena, anabwera apongozi ali pomwepo. Akuti kompyuta yawo imawerenga mamita onse kuti adziwe nthawi imene magetsi amafunika kwambiri. Akuti mwezi uno wofunga, pamene anthu akusala kudya, masana mbaula zamagetsi zonse zimakhala zozima, kupatula nyumba imodzi.

"Alamu, kodi mukufunga?" anatero akuseka.

Apongozi anandiyang'ana osaphethira.

Ndinati, "Munatiikira mita kapena shehe?"

Inde, ndimaphika phala masana, ndipo ndimadya. Anesi kusikelo anandiletsa kufunga poti ndili ndi pakati. Chaka chatha anthu anadziwa msanga, kenako ndinapita padera, ndipo amene anabwera ndi mafunso anaposa odzapepesa. Ulendo uno akudziwa amuna anga ndi Mulungu basi. Mimba yanga silengezedwa ndi kompyuta.

Akanene kumjigo, ine sindifotokozera munthu. Mawa masana ndiyatsanso mbaula, ndi ketulo yomwe, kuti kompyuta yawoyo isavutike kundipeza.