Mbiya za ku Layini Yakale

Mchinji,
9 Ogasiti 2002

Okondedwa atsibweni,

Ndikhulupirira kuti inu ndi banja lonse muli bwino ku Kitweko. Kuno tilipo, ndipo mtedza wachita bwino chaka chino.

Mkulu wina wa malole akufuna kugula layini yathu yakale ya kumsewu wa kuboda, agwetse nyumba zonse, pakhale poimika magalimoto. Eni nyumba tonse takana. Ife tikufuna kufoleranso nyumba ya agogo yofululira mowa ija mvula isanagwe.

Mukukumbukira fungo la chimera pamphasa, anthu a ku Mwami atayedzeka njinga zawo pamtengo wa mango? Mbiya zija zikadali momwemo, zokwiriridwa mpaka m'khosi, ndipo sizingazulidwe osasweka. Amayi, mlongo wanu, anasiya kalekale kufulula, koma amasesamo m'mawa uliwonse. Dzana anati, "Iwe Timoteyo, akadzabwera ndi katapila wawoyo adzandipeza nditakhala pambiya."

Chondisowetsa mtendere n'chakuti mkuluyo akuti analankhula kale pafoni ndi mwini mbumba wathu ku Kitweko, ndipo mwini mbumbayo anavomera. Ndinamuyankha kuti mwina anaimba nambala yolakwika. Amayi sindinawauze.

Udzu tamweta kale, atsibweni. Tifolere?

Ine muphwa wanu,
Timoteyo