Mkono wothowedwa

Lachinayi, mu Disembala. Ndinadzuka ndi nkhawa, koma madzulo ano mtima wakhala pansi.

Dzana ndinabayitsanso jakisoni wa kafukufuku uja, woyesa mankhwala a chimfine chimene chimandigwira chaka ndi chaka chimanga chikamasula ngayaye. Pamkono panatuluka kachotupa. Alamu anga a Nachisale atakaona anatereka madzi n'kundithowa ndi kansalu kotentha, monga timachitira mwana akabayidwa. Ndi akuluakulu, sindikanawakaniza. Pofika dzulo mkono unali utafufuma mpaka m'chigongono, ukuyabwa ngati ndakhudza chitedze.

Ndinaopa kuti andichotsa m'kafukufukuyu, ine ndibwererenso kolira maso nyengo yonse. Lero mu minibasi kuchokera ku Chinsapo kupita kuchipatala ndinkangokonza mawu okanena.

Anesi anayeza chotupacho, anandimvetsera m'chifuwa, kenako anafunsa, "Amayi, mwautani mkonowu?"

Nditafotokoza anaseka. "Uwu si mwendo wobinya ayi! Kutentha kumathamangitsa mankhwala m'thupi. Pakatupa muziikapo chozizira, ndipo mukamabanika muzibwera nthawi yomweyo."

"Ndiye mwandichotsa?"

"Tikuchotsereninji? Sabata yamawa tingokuchepetserani mlingo. Alamuwo muwauze kuti madziwo apangire tiyi."

Kuyambira pachiyambi anatiuza kuti ena akubayidwa mankhwala enieni, ena madzi chabe, ndipo sauza munthu chimene wabayidwa. Nkhani imeneyi yakhala ikundivuta. Koma kodi madzi angatupitse mkono chonchi? Anesi akuti sizitsimikizira kanthu. Chabwino. Ine ndikungouyang'ana, ndipo sindikufuna kuti uphwe msanga.