Munapita Kukaona Nyanja, Atate

Atate athu, a Bwezani Daka, mwezi uno zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chichokereni inu pakati pathu. Ndine Rabecca, mwana wanu woyamba, ndikulemba m'malo mwa onse. Chithunzi chili pamwambachi ndi chija anakujambulani anzanu ku Beira, mutapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zili m'manja. Zaka zonsezi takhala tikuika chithunzi cha pa chiphaso chanu cha ntchito, chifukwa amayi sankafuna kuti za ulendo uja zitchulidwe. Chaka chino anena okha kuti tiike chimenechi.

Munagwira ntchito pa siteshoni ya sitima ya Kafue kuyambira mutangofika kuchokera kwanu ku Chadiza mpaka mutu unayera. Mabogi ankadutsa pamaso panu, ena opita kumadoko, ena ochokera kumadoko, inu mukukupiza mbendera. Mukafika kunyumba ku Estates munkavula nsapato pakhonde, n'kunena kuti matumba a feteleza aiona nyanja yamchere, koma munthu wowaonetsa njira amangodziwa madzi a mtsinje wa Kafue. Tinkaseka. Inunso munkaseka, kuseka kwanu kuja kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Sitinkadziwa kuti nkhaniyo inali yochokera pansi pamtima.

Mutapuma pa ntchito munagwirizana ndi anzanu awiri a kunjanji, ba Chileshe amene ankakonza mainjini, ndi a Ferdinand a mu ofesi ya matikiti, kuti mupite pa motoka ya ba Chileshe mukaione nyanjayo. Amayi anakana. Magazi anu ankathamanga, miyendo inkatupa, ndipo mapilisi munkamwa pokhapokha iwo atakuimirirani. Anabisa pasipoti yanu. Inu simunakalipe, simunaifunefune n'komwe. Munangokhala pakhonde masiku angapo, chakudya mukungochilawa, mpaka amayi anaitulutsa okha n'kuiika patebulo. M'mawa wonyamuka sanatuluke kudzakutsazikani. Anatuma mlongo wanga Levy kuti akupatseni nkhuku yootcha ndi nshawa zokazinga, iwo n'kutsala kukhitchini.

Za m'njira tinazimva kwa anzanuwo. Munadzera ku Chirundu, n'kudutsa Zimbabwe, n'kutsika mapiri mpaka ku Beira. Akuti mutafika pagombe munatuluka motoka isanaime bwino. Munaima nthawi yaitali mukuyang'ana madziwo. Kenako munatunga madzi ndi dzanja, n'kulawa, n'kulavula, n'kuseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Munacheza ndi asodzi olankhula Chisena, mukumvana mwa apo ndi apo, ndipo pochoka munali mutawapeza kale kuti ndi abale anu. Tsiku lina munapempha kuti akupititseni kudoko. Simunaloledwe kulowa, choncho munaima kunja kwa mpanda kuyang'ana mabogi, manja ali kumbuyo monga munkaimira pa siteshoni.

Pangano linali loti mukafika ku Beira mubwerere. Ndinu amene munati mupiteko pang'ono kumwera, poti mwafika kale. Msewu unali wa maenje, matayala ankaphulika, ba Chileshe ndi a Ferdinand ankakangana za njira kuyambira m'mawa, inu muli kumpando wakumbuyo mukuimba nyimbo za kutchalitchi mosalabada. Munagona ku Inhassoro, munagona ku Vilankulo. Munadya nkhanu, inu amene kunyumba munkakana ngakhale mlamba. Kumeneko chilankhulo chinasintha, simunkamvananso ndi aliyense, koma akuti munkapereka moni kwa munthu aliyense m'Chichewa, iwo n'kumakuyankhani m'chawo.

Dzuwa likamapendeka munkaimba foni. Munkailozetsa kumadzi kuti amayi amve mafunde. Iwo ankati akungomva mphepo, n'kundipatsa foniyo. Koma sankapita kutali. Ankaima pakhomo, mbale ili m'manja, mpaka mutadula.

Pafupi ndi Maxixe munaima masana pansi pa mitengo ya kokonati. Anzanu anatsika kukagula nsomba kwa asodzi. Inu munati mwatopa, mupumuleko pang'ono. Munatsala pampando, chitseko chili chotsegula, mapazi ali pamchenga, nkhope italoza kumadzi. Pobwera anakupezani momwemo. A Ferdinand anati poyamba anakusiyani, poganiza kuti ndi tulo.

Zimene zinatsatira sitikonda kuzikumbuka. Amuna awiri okalamba, m'dziko la eni, osadziwa Chipwitikizi, anayenda ofesi ndi ofesi ndi mapepala anu. Anthu akumeneko anawachitira chifundo, ena anawapatsa chakudya, ena anawalangiza kuti angokuikani komweko chifukwa njira ndi yaitali. Anakana. Ankagona m'motoka pafupi ndi nyumba yachisoni kuti musakhale nokha. Levy anafuna kuwatsatira koma analibe pasipoti. Kuno ku Kafue tinali ndi maliro opanda mtembo. Tenti inaima pabwalo mpaka udzu unafa. Azimayi a kumpingo anaimba mpaka mawu anasasa, achibale ochokera ku Chadiza anayamba kufunsa za mabasi obwerera, anansi anabwerera kuntchito mmodzimmodzi. Ife tinkangoyang'ana kumsewu.

Tsiku limene munafika, motoka ya ba Chileshe inali pambuyo pa galimoto yonyamula bokosi, yodzaza fumbi, galasi limodzi litasweka. Amuna awiriwo anatuluka ataonda, ndevu zitamera. Ba Chileshe anagwada pamaso pa amayi n'kunena kuti, "Bamake Rabecca, tinayenda batatu, tabwela batatu." Amayi anawayang'ana, n'kudzuka, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo sanawayankhulenso. Akakumana nawo kumsika ankatembenukira kwa ogulitsa tomato. Kutchalitchi ankasintha benchi. Chaka chilichonse mwezi uno anzanu ankabwera atavala majekete, n'kuima pageti, osalowa chifukwa sanaitanidwe. Ine ndi Levy tinkatuluka kukacheza nawo chiimire, ndipo m'pamene ankatisimbira za ulendo, pang'onopang'ono, akutsutsana za maina a malo. Tikabwerera m'nyumba tinkapeza amayi akupukuta tebulo loyera kale. Sankafunsa, ifenso sitinkanena.

Tinatopa nazo, atate. Inu munkatilangiza kuti nkhani ikabuka m'nyumba tiziikamba tisanadye, kuti munthu asatafune ali ndi mawu kukhosi. Tinayesa. Abusa anayesa. Azakhali anabwera kuchokera ku Chipata n'kubwerera osaphula kanthu. Patapita nthawi tinangozisiya, chifukwa aliyense anali ndi zake zomulemera. Levy amadzuka kusanache kukakwera minibasi ya ku Lusaka, amabwera ana atagona. Ine ndili ndi shopu yanga yaing'ono ija pafupi ndi msika, imene imayenda mwezi wina, mwezi wina ayi. Amayi mawondo anawakanika, anasiya kugulitsa salaula, zovala zakaunjika zija. Mdzukulu wanu Favour, amene munkamunyamula paphewa kukamuonetsa sitima, ali ku sekondale tsopano, ndipo sitima ikalira amasiya zimene akuchita. Natasha wa Levy anabadwa inu mutapita. Amakudziwani pa chithunzi chokha, amati ndinu agogo a mbendera.

Chaka chatha m'nyengo yozizira a Ferdinand anamwalira. Sitinawauze amayi kuti apite, tinkaopa. Tinangoona atamanga chitenje, atatenga ndodo yawo. Kumaliroko anakhala kumbuyo kwenikweni, sanaimbe, sanayankhule ndi munthu. Atabwerako anagona masana onse atayang'ana kukhoma. Patapita milungu ingapo anauza Levy kuti akaitane ba Chileshe.

Tinali titachedwa. Ba Chileshe anachita sitiroko miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo mutu wawo sukugwiranso zinthu. Anabwera atagwiridwa dzanja ndi mwana wawo Melody. Pageti anaima monga mwa masiku onse, mpaka amayi anatuluka okha n'kuwauza kuti alowe. Anawakhazika pampando wanu. Ndinaika tiyi patebulo.

Kenako amayi anafunsa. "Ba Chileshe, ndiuzeni. Tsiku lija, anali atadya?"

Zaka zonsezi tinkaganiza kuti akadzatsegula pakamwa adzafunsa chifukwa chimene anakutengerani, kapena chifukwa chimene sanabwerere pa Beira. Funso lawo linali lokhalo.

Ba Chileshe anawayang'ana mwaulemu, monga munthu amene akufuna kuthandiza koma sanamve bwino. "Ba Daka?" anatero. "Bali ku motoka. Bakamba ati balema, bafuna kupumulako pang'ono. Tizayenda manje manje, sitizachedwa."

Melody anaweramitsa mutu. Levy anatuluka panja. Amayi anaika kapu yawo pansi. Kenako anakankhira mbale ya mabanzi pafupi ndi mlendo wawo.

"Asiyeni apumule," anatero. "Inu imwani tiyi, angazizire."

Tsopano ba Chileshe amabwera Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amakhala pakhonde ndi amayi. Masiku ena amawadziwa, masiku ena amawapatsa moni kawiri. Za nyanja zimabwera zokha zikafuna, kachidutswa apa, kachidutswa apo, ndipo amayi samawadula mawu ngakhale abwereze. Zimene iwo anaiwala amayi anandifunsa ine. Ndinawauza zonse zimene ndinamva pageti paja, ndipo pa nkhani ya nkhanu anaseka mpaka kupukuta maso. Yankho la funso lawo ndilibe. Amene akanalidziwa, mmodzi ali kumanda, wina ali pakhonde pathu akudikira kuti mudzuke.

Sitikudziwa ngati tapola, atate. Tangofika poti tikhoza kukutchulani tonse tili m'chipinda chimodzi, ndipo kwa ife zimenezo n'zambiri.

Pumulani. Ife sitidzakuiwalani.

Akazi anu Clementina, ana anu Rabecca ndi Levy, adzukulu anu Favour ndi Natasha, pamodzi ndi mnzanu Chileshe.