Wamwa?

Lolemba, 8 Ogasiti 2005
Kuchipatala anati popeza ndine mkulu wake wa Cyril, ine Keziya ndizimuyang'anira pa ma ARV. Piritsi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, osadumphitsa. Botolo ndalibisa m'chikwama changa cha mapadi, adadi sangagwiremo. Ndikadutsa pakhomo la chipinda chake ndimangonong'ona kuti, "Wamwa?" Iye amvekere, "Ndamwa, anesi."

Lachisanu, 12 Ogasiti
Adadi atimva. Chiwachotsere ntchito kumgodi amangokhala pakhonde, makutu ali tcheru ngati alonda. Amva "wamwa", amvanso "ndamwa", basi akuti mowa! Mwana wa mkulu wa mpingo, kumwa m'mamawa, mlongo wake n'kumamubisa. Ndinafuna kuyankhula, Cyril anandiponda phazi. Anati, "Ee adadi, nimamwa. Nanga nichite chani, nchito kulibe." Amumenya mbama, munthu wa zaka 23.

Loweruka, 13 Ogasiti
Cyril wapita kwa mnzake Shaun ku Kabushi, ku Ndola. Botolo walisiya.

Lachitatu, 17 Ogasiti
Ndamulondola. Minibasi inatha ola lathunthu ikudikira anthu. Ndamupeza akuthandiza Shaun kumata matayala, milomo itayamba kale zilonda. Botolo wakana kulilandira, akuti onse amagona chipinda chimodzi, ndipo mapiritsi amachita phokoso m'thumba. Akuti, "Chakolwa anthu amamuseka chabe, sisi. Uyu winayu amamupatulira kapu yake."
Ndalira njira yonse mpaka ku Kitwe. Ndakwiya naye, ndipo ndikuopa.

Lamulungu, 21 Ogasiti
Kutchalitchi adadi apempherera "achinyamata omangidwa ndi botolo". Mpingo wonse ameni.

Lachiwiri, 23 Ogasiti
Ndawauza. Ndinalumbira kwa Cyril kuti sindidzaulula, koma ndaulula. Adadi sanakalipe. Anangoyang'ana dzanja lawo lamanja nthawi yaitali.

Lachinayi, 25 Ogasiti
Adadi anapita okha ku Ndola, atavala jekete la kutchalitchi. Abwera okhanso. Cyril sanatuluke n'komwe, anangotuma Shaun kudzanena kuti alibe mlongo.
Zandilasa. Koma anene zimenezo ali moyo.
Adadi atulutsa botolo m'jekete, akulitembenuzatembenuza, magalasi ali pamphuno.
"Keziya, ndiphunzitse. Akadumpha masiku onsewa, amangoyambiranso, kapena timayamba tapita kwa adokotala?"
Ndati kwa adokotala.
Adadi akusita malaya a ulendo wa mawa.