Funso la Abambo Lafika ku Dubai

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine chifuwa chija chinatha, kungoti dzuwa la kuno silikhululuka.

Lili, mtsikana wa ku China amene ndimamuphunzitsa Chingerezi kudera la Mirdif kuno ku Dubai uja, mayeso olowera ku yunivesite amuyandikira. Vuto lake linali loti akamawerenga, mawu aliwonse achilendo ankawafufuza pa foni. Pofika kumapeto, za koyambirira waiwala kale.

Sabata yatha ndinamulanda foniyo. Atawerenga nkhani ya njuchi, ndinatseka buku n'kumufunsa mmene abambo ankatifunsira: "Tandiuza, wamvapo chiyani?" Mwana misozi inangoti lengalenga. Mayi ake atalowa n'kupeza buku lotseka, anakwiya. Amvekere, "Ndinakulembani ntchito yophunzitsa, osati yocheza. Zikatere, khalas, ntchito yatha!" Pajatu, achemwali, kuno ntchito ikatha, ulendo wakumudzi wapsa.

Ndinawapempha kuti akhale pansi, adzimvere okha. Lili anayamba mwachibwibwi, kenako anafotokoza nkhani yonse, mafunso n'kukhoza, foni ili m'chikwama changa. Mayiwo sanapepese ayi. Anangotuluka, n'kubwera ndi tiyi, kundipatsa ndi manja awiri.

Mundiperekere moni kwa onse, ndipo mayesowo muziwaika m'mapemphero. Abambo muwauze kuti funso lawo lija, limene linkandiliza pakhonde, ndi limene likundidyetsa kuno.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tadala