Kanyumba ka Malata ka ku Chiromo

Amayi anga, kodi kumene muliko muli bwanji?

Ife kuno tilipo. Mimba imene munandisiya nayo ija ndinachira mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, ndipo akamalira amakhala ngati akukalipira mudzi wonse, monga munkachitira inu. Tomasi wayamba kugweluka mano. Bambo ake sanabwerere kuchokera ku utengatenga uja, wonyamula katundu wa asilikali pa nkhondo ya Ajeremani. Anzawo amene anabwerako akuti anawasiya panjira akutsegula m'mimba. Chaka chatha thonje linachita bwino, koma chaka chino Shire anasefukira ku Makhanga n'kutenga nyumba yathu ndi mapira onse. Tadya nyika, zija zokumba m'matope a m'dambo, mpaka ana kuzida.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu Zuze, mlongo wanga. Masiku ano ali ku Chiromo, amavala nsapato. Mmwenye wina wa sitolo posamuka anamusiyira nyumba zake kuti azimugulitsira, ndiye aliyense wofuna nyumba amayamba wadzera kwa iye. Ali ndi njira zake zodziwira wogula weniweni. Amayang'ana mapazi a munthu asanamuyang'ane kumaso. Amamufunsa chiphaso cha msonkho. Kenako amamusiya padzuwa mpaka masana, akuti wongodzaona amatopa n'kupita.

Panali kanyumba ka malata pamtunda pomwe madzi safika. Ndinapita ndi mwana kumsana, ndikuganiza kuti kwa mlongo wanga ine sindingakhale padzuwa. Ndinakhala, amayi.

"Achimwene, ndikufuna kanyumba kaja," ndinatero atandiitana.

"Pano palibe achimwene, pali kapitao," anayankha. "Mbuzi zija zikadali m'khola? Munthu amene mbuzi zake zikadali m'khola sanatsimikize."

Ndinagulitsa mbuzi zonse zimene zinapulumuka m'madzi, ndi bwato la bambo a Tomasi lomwe. Inu munkakonda kunena kuti Zuze amangouma pakamwa, mtima wake ndi wofewa. Ndinayenda ndi mawu anuwo njira yonse.

Nditabwereranso anati mkazi wopanda mwamuna sagula nyumba, ndibwere ndi wondilankhulira. Ndinakatenga amalume, achimwene anu, ndi mwendo wawo wotupa uja. Nawonso anawasiya padzuwa, nkhalamba imene inkamunyamula ali khanda. Potsiriza Zuze anati, "Ngati watsimikizadi, ndione ndi maso. Lambula bwalo, uzire pansi, upake njereza makoma."

Amayi, ndinagwira ntchito imeneyo ndikuimba. Dothi lakuda ndinkakatenga kumtsinje pamutu. Tomasi anali atasankha kale ngodya yake yogonapo.

Tsiku limene ndinkamaliza kuzira, Zuze anafika ndi kalaliki wa kunjanji, wa chipewa choyera. Anaima pakhomo n'kundiloza ndi ndodo, ine ndili chogwada.

"Mukumuona mayi uyu, bwana? Wagulitsa kale ziweto zake, wayamba n'kuzira komwe. Mukadikira mawa, nyumba yapita."

Kalalikiyo, amene ndinamva pambuyo pake kuti anakhala akuzengereza nthawi yaitali, anagwira dzanja la Zuze pomwepo. Anadutsa pambali panga kukaona chipinda, nsapato zake zikusiya zidindo padothi laliwisi.

Nditamutsatira Zuze kuseri kwa nyumba, anaseka. "Iwe ndinadziwa tsiku loyamba kuti sungakwanitse. Koma bwana uja ankafunika kuona munthu wofunitsitsa. Wandithandiza, mlongo wanga. Takhuta, zikomo kwambiri."

Tsiku limenelo ndi limene ananditchula mlongo wake.

Amalume atamva, anangotola ndodo yawo n'kuyamba ulendo, ndipo mpaka lero satchula dzina la Zuze. Mbuzi sindingaziwombole, amene anagula anawoloka nazo kwa Apwitikizi. Popanda bwato, nsomba tikungozionera m'madengu a anzathu. Tikugona m'khumbi kuseri kwa msika. Mkazi wa kalalikiyo anandilemba ntchito yomutungira madzi. Si munthu woipa ayi. Dzana anandiuza kuti amene anazira nyumba yawo ali ndi manja abwino, akufuna atamudziwa. Ndinangotula mtsuko n'kutuluka.

Madzi akaphwa ndidzapita ku Makhanga kukafunafuna manda anu, ndikaunjikenso dothi. Mowa wokukumbukirani ndidzafulula ndekha, ngakhale ndi mapira opempha, ndikukulonjezani. Zuze sindidzamuuza tsiku lake. Ngati mukumufuna, amayi, mumuyendere nokha kutulo, mukamufunse nokha.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Malita